Njinga Zikufupikitsa Ulendo wa ku Sukulu

LUSAKA — M'madera ambiri akumidzi kumwera kwa Africa, mwana amanyamuka m'bandakucha kuti akafike kusukulu. Amafika atatopa, phunziro loyamba litadutsa kale. Atsikana ndiwo amachedwa kwambiri, popeza amayamba atunga madzi ndi kusesa pakhomo. Ena amangolekeza sukulu panjira.

Pofuna kuchepetsa vutoli, boma la South Africa linakhazikitsa ndondomeko ya Shova Kalula mu 2001, yopereka njinga zakapalasa kwa ophunzira okhala kutali. Ku Zambia, bungwe la World Bicycle Relief linayamba ntchito yofanana nayo mu 2009, ndipo linakonza zoti njinga 70 mwa 100 zilizonse zizipita kwa atsikana.

Njinga sifuna mafuta, situlutsa utsi, ndipo kupalasa kumalimbitsa thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 patsiku.

Komabe njinga yowonongeka sifikitsa mwana m'kalasi. N'chifukwa chake World Bicycle Relief imaphunzitsanso amakaniko m'midzi momwemo, kuti tcheni chikaduka kapena tayala likaphwa, mwana asabwererenso ku ulendo wapansi.