Mwana akagwira tsache, musamulande

Kuyambira pomwe mwana wayamba kuyenda mpaka atakwanitsa zaka zitatu, pakhomo pamakhala kankhondo kosatha. Mayi akamasesa, mwana akufuna tsache lomwelo. Akamatsuka mbale, iye waviika kale manja m'beseni. Bambo akakhala pamthunzi kusoka ukonde wong'ambika, kamwanako kali pomwepo kukoka ulusi. Ambiri a ife timayankha ndi liwu limodzi lokha: choka! Masiku ano, poti foni ili pafupi, timamupatsa kuti aonere makatuni, ife tigwire ntchito mwamtendere. Mwana yemweyo akafika zaka ziwiri ndi theka timayamba kuda nkhawa kuti sakuphunzira, n'kuyamba kusakasaka ndalama za ku nazale kuti akamuloweze ABC. Tamuthamangitsa pa phunziro lomwe analisankha yekha, tikukamulipirira phunziro lomwe msinkhu wake sunafikepo.

Mmodzi mwa anthu omwe anayang'anitsitsa khalidwe limeneli la ana ndi kulilemba mwatsatanetsatane anali mayi wa ku Italy, Maria Montessori, wobadwa mu 1870. Iye sanayambe ngati mphunzitsi. Anali dokotala, mmodzi mwa akazi oyambirira kumaliza maphunziro a udokotala m'dziko lake, mu 1896. Ntchito inamufikitsa kwa ana a ulumali wa ubongo omwe ankasungidwa m'zipatala za odwala misala mumzinda wa Rome, m'zipinda zopanda kanthu kalikonse koti n'kugwira. Olemba mbiri yake amati wosamalira anawo anadandaula kuti akatha kudya amakwawa pansi kutola nyenyeswa za buledi ngati ana adyera. Montessori anaona kuti manja a anawo ndiwo anali ndi njala, ndipo nyenyeswazo ndizo zokha zomwe zikanagwirika m'chipindamo.

Pa 6 Januwale 1907 anatsegula Casa dei Bambini, kutanthauza nyumba ya ana, m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda womwewo. Eni nyumba za lendi za kumeneko sankaganiza kwenikweni za maphunziro. Iwo anatopa ndi ana omwe makolo awo ankawasiya okha popita kuntchito, n'kumalemba m'makoma ndi kuwononga nyumbazo, choncho anangofuna wina woti awasonkhanitse m'chipinda chimodzi. Munalowa ana pakati pa 50 ndi 60, onse osafika msinkhu wa sukulu.

Zomwe zinachitika m'chipindamo ndi zazing'ono kuzimva, koma n'zomwe zinasintha kaphunzitsidwe ka ana m'maiko ambiri. Tsiku lina wothandizira wake anaiwala kukiya kabati ya zipangizo. Pofika m'mawa anapeza ana atsegula, aliyense watenga chomwe akufuna, ndipo anapsa mtima poganiza kuti ndi kuba. Montessori anaona kuti anawo adziwa kusankha. Kuyambira pamenepo kabati yaitaliyo inalowedwa m'malo ndi mashelefu aafupi omwe mwana angafikire, ndipo matebulo ndi mipando inapangidwa yaing'ono ndi yopepuka yoti mwana n'kunyamula yekha. Tsiku linanso anaona kamtsikana ka zaka ngati zitatu kakulowetsa timatabwa tobulungira m'maenje ake, kutitulutsa, kutilowetsanso. Anayamba kuwerenga. Anauza ana ena kuti aziimba momuzungulira, anamunyamula ndi mpando womwe n'kumuika patebulo, koma mwanayo sanasiye mpaka anabwereza kopitirira ka 40. Atatha anadzutsa mutu, nkhope ili yowala ngati wodzuka ku tulo tabwino.

Nkhani yomwe ife timaikonda kwambiri ndi ya mamina. Montessori anangoganiza zoonetsa anawo kaminidwe kabwino pogwiritsa ntchito kansalu, pang'onopang'ono, ndipo ankayembekezera kuti aseka. Ana anayang'ana ali zii, atamaliza anaomba m'manja. Moyo wawo wonse ankakalipiridwa chifukwa cha mamina, koma panalibe amene anakhalapo pansi kuwaonetsa chochita. Ndi angati mwa ana athu omwe ali chimodzimodzi pa nkhani ya kusamba m'manja, kuvala nsapato kapena kunyamula kapu ya phala?

Lero dzina la mayiyu lasanduka malonda. Ku America anagamula mu 1967 kuti dzinali palibe mwini wake, choncho aliyense atha kulilemba pa chikwangwani cha sukulu kapena pa katoni ya zidole zodula. Kholo la ku Makanjira kapena ku Chipoka lisapusitsidwe nazo kuti njira imeneyi ndi ya anthu olemera. Inabadwira pakati pa amphawi, ndipo zoyamba zomwe ana a ku San Lorenzo anakondwera nazo zinali kusesa, kupukuta tebulo, kumanga mabatani ndi kuthira madzi. Zidole zenizeni zomwe anthu achifundo anabweretsa, anawo sanachedwe nazo.

Pamenepa ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwayi womwe mabanja a m'nyumba zosanjikizana za ku Ulaya amachita kugula. Pakhomo pathu pali kale chilichonse. Mwana wa chaka ndi theka mupatseni makapu awiri apulasitiki ndi mchenga wouma kapena madeya, athire uku ndi uko. Dzanja likakhazikika mumupatse madzi. Wa zaka ziwiri mumangireni katsache kakafupi kolingana ndi msinkhu wake, mumupatse kansalu kake kochapa pambali panu, asadzule masamba a nkhwani, asende nthochi yakupsa, anyamule mbale yake kupita nayo potsukira. Zigoba za nkhono za kudooko, zotsukidwa bwino, azisankhe zazikulu kwaokha ndi zazing'ono kwaokha pa lichero. Kuli dongo loumbira ng'ombe, timitengo tomangira katandala koyanikapo masamba ngati usipa, zitsononkho zokhala ana obereka kumbuyo. Mwana amene waika supuni imodzi pa mbale iliyonse wayamba masamu, ngakhale sadziwa kutchula nambala. Amene akutsina dongo ndi kusendeza batani pa kabowo akulimbitsa zala zitatu zomwe zidzagwire pensulo.

Agogo athu sanamvepo za Montessori, koma masanje ankawadziwa. Ana ankamanga timisasa kuseri kwa mudzi, kuphika m'tizibade, kugawana maudindo a pabanja popanda wamkulu wowalamula. Katswiri wa ku America, Barbara Rogoff, yemwe wakhala zaka zambiri akufufuza pakati pa anthu a mtundu wa Maya ku San Pedro La Laguna, tawuni ya m'mbali mwa nyanja ya Atitlán ku Guatemala, analongosola momwe ana a kumeneko amaphunzirira poonerera akulu ndi kuponyapo dzanja pa ntchito zenizeni za pakhomo. Ifenso timaziona mwana akaima pambali pa mayi ake pa nthawi ya Swala, kuwerama iwo akawerama, popanda womuuza.

Komabe tisadzinyenge kuti zonse tinkazichita bwino kale. Pali kusiyana pakati pa kutuma mwana ndi kumulola kusankha. Kutuma kumatumikira wamkulu: katenge mchere, kaitane achimwene ako. Kuli ndi malo ake, ndipo mwana amakondwa kukhala wothandiza. Koma phunziro lozama limabwera pa ntchito yomwe iye waithamangira yekha, n'kuibwereza mpaka mtima wake utakhuta. Apa ndi pomwe ife akulu timalephera kudziletsa. Mwana wasesa malo amodzi kasanu, ife tikuti basi kwayera. Wavala malaya chotembenuza, tamuvula kale n'kumuveka tokha. Wataya madzi, wamva kofi. Mwambi woti m'mera mpoyamba ambiri timaumva ngati ukutilamula kukoka mbewu kuti ikule msanga, pomwe mlimi aliyense amadziwa kuti m'mera umafuna nthaka yofewa ndi kupaliridwa, kukula umakula wokha.

Udindo wa kholo ndi wochepa koma wovuta. Muike zinthu zochepa, zitatu kapena zinayi, pamalo amodzi omwe mwana angafikire, pamphasa kapena m'dengu, ndipo zikatha ntchito zizibwerera pomwepo, chifukwa ana a msinkhu uwu amakonda kupeza chinthu pomwe anachisiya. Pomuonetsa ntchito yatsopano mukhale pambali pake, muchite pang'onopang'ono, mawu akhale ochepa, poti mwana sangathe kutsata pakamwa panu ndi manja anu nthawi imodzi. Kenako musendere patali. Akakhazikika, musamudule ngakhale ndi chiyamikiro. Akataya madzi mumupatse chopukutira, kupukutako ndi phunziro lachiwiri. Akakana zomwe mwamukonzera n'kupita kukatola masamba a mango, ndiye kuti lero sukulu ili pansi pa mango.

Tikudziwa kuti madzi otayikawo anachokera kumjigo pamutu pa munthu, ndiponso kuti mayi amene ali ndi usipa woti ayanike dzuwa lisanapendeke alibe nthawi yodikira kamwana kamange batani. Palibe akuti ntchito iliyonse iime. Kachigubu kamodzi ka madzi patsiku ndi mphindi zingapo za kuleza mtima n'zokwanira kuyambira, ndipo katunduyu asagwere mayi yekha. Agogo ali ndi nthawi ndi nthano. Bambo wochokera kunyanja m'mawa atha kulola mwana kugwira nsonga ya chingwe ndi kumutchulira maina a nsomba.

Ufulu wosankha uli ndi malire, ndipo kwa ife malire oyamba ndi nyanja. Bungwe la World Health Organization limanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ali m'gulu lomwe limafa kwambiri pomira, ndipo mwana wa msinkhu uwu atha kumira ngakhale m'ndowa. Masewera a madzi achitikire pakhomo, wamkulu ali pafupi, ndi madzi a pamjigo, poti m'madzi osaya a m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mbaula, mafuwa, mbedza, mipeni ndi mafuta a palafini woikidwa m'botolo la zakumwa sizili pa mndandanda wa zosankha. Nyemba, mtedza, mikanda ndi ndalama zachitsulo zidikire mpaka mwana atasiya kuika chilichonse m'kamwa.

Wina angafunse ngati zoseweretsa za zinyalala zingasinthedi tsogolo la munthu. Yankho lodalirika linachokera ku Kingston m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, akatswiri otsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor anatenga ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24, ochokera m'mabanja osauka. Ena mwa iwo ankayenderedwa pakhomo sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ndi azaumoyo a m'dera, omwe ankaonetsa mayi kasewereredwe ndi kalankhulidwe ndi mwana pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopanga pamanja. Patatha zaka pafupifupi 20, anawo atakula, omwe anayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 peresenti kuposa anzawo omwe sanayenderedwe. Panalibe kalasi kapena yunifolomu. Panali mayi, mwana ndi zinthu zotolera pakhomo.

Kulankhula n'komwe kumamanga zonsezi pamodzi. Pa nthawi yoonetsa ntchito mawu achepe, koma tsiku lonselo mwana amve maina a zinthu m'chiyankhulo chomwe inu mumachilankhula momasuka, kaya ndi Chiyao ku Mangochi ndi Machinga kapena Chichewa ku Salima ndi Nkhotakota. Ichi ndi chambo, uyu ndi kampango, mchenga uwu ukutentha, mwala uwu ndi wosalala. Chingelezi chidzabwera, ndipo chimamera bwino pa mwana amene ali kale ndi mawu ambiri a kwawo. Foni siingalowe m'malo mwa zimenezi chifukwa siyankha mwana akaloza chinthu. Malangizo omwe bungwe lomwe lija la World Health Organization linatulutsa mu 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Amatinso mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azikhala ndi mphindi zosachepera 180 patsiku zoyenda, kuthamanga ndi kukwera.

Nanga zilembo? Kuno kwathu mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, choncho wa zaka ziwiri ali ndi zaka zinayi zathunthu patsogolo pake. Ku San Lorenzo ana anayamba kulemba okha ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, atatha masabata angapo akuyendetsa zala pa zilembo zodulidwa pa pepala la mchenga, uku akutchula kamvekedwe kake. Ife pepala la mchenga sitikulisowa, mchenga weniweni uli pabwalo. Mwana akadzayamba yekha kuloza zolembedwa pa paketi ya shuga kapena pa bwato la atate ake n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, musalaze mchenga ndi chikhatho, mulembe chilembo choyamba cha dzina lake chachikulu, mutchule kamvekedwe kake, ndipo mumusiye ayendetsemo chala kangapo konse komwe angafune.