Populism

Populism ndi mawu amene akatswiri a ndale amatchulira ndale zogawa dziko pawiri: mbali ina anthu wamba, amene amaonedwa ngati olungama, mbali ina kagulu ka atsogoleri ndi mabwana amene amanenedwa kuti akuwadyera masuku pamutu. Mawuwa anachokera ku liwu la Chilatini lakuti populus, kutanthauza anthu, ndipo anatchuka ndi chipani cha alimi cha People's Party ku America m'zaka za m'ma 1890.

Mkangano wa akatswiri

M'chaka cha 2004, Cas Mudde wa ku Netherlands anafotokoza kuti populism ndi maganizo osatha kuima paokha, motero amatsamira pa maganizo ena. M'buku lake la 2007 anasanthula zipani za ku Ulaya za mbali imene imatchedwa far right, ndipo anapeza zinthu zitatu: kukhulupirira kuti dziko ndi la obadwiramo okha, kufuna ulamuliro wa dzanja lolemera, ndi populism. Kwa iye, phata lake ndi choyambacho. Ernesto Laclau wa ku Argentina, m'buku la 2005, anati populism ndi njira chabe yosonkhanitsira madandaulo osiyanasiyana pansi pa dzina loti "anthu", ndipo chipani cha mbali iliyonse chingathe kuitsata.

Ena amakana ndithu kuti mawuwa azigwiritsidwa ntchito pa zipani zodana ndi alendo. Aurelien Mondon ndi Aaron Winter, m'buku la 2020, anati kuzitcha za populism n'kuzichapa, chifukwa tsankho lawo limayamba kumveka ngati kufuna kwa anthu wamba. Mfundoyi ndi yovuta kuitsutsa.

Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo

Kuno mawuwa amagwera anthu osiyana kwambiri ndi a ku Ulaya. Michael Sata wa ku Zambia, amene anapambana chisankho cha 2011, ankadalira mavenda ndi anthu a m'makomboni a ku Lusaka, ndipo pa chisankho cha 2006 ankadzudzula kwambiri amalonda a ku China. Ku Malawi, olemba ena amatchula Bakili Muluzi, amene anayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 ndipo ankadziwika ndi kugawa ndalama pamisonkhano. Mu ulamuliro wake mavenda anadzadza m'misewu ya Blantyre ndi Limbe, mpaka boma la Bingu wa Mutharika linawachotsa mu 2006 pa Operation Dongosolo. Koma ndale za Muluzi sizinamangidwe pa kuthamangitsa alendo, ndipo palibe amene angamuike gulu limodzi ndi Marine Le Pen wa ku France.

Zofanana kwambiri ndi za ku Ulaya zimakhudza Amalawi okhala ku South Africa. Gulu la Operation Dudula, limene linayamba ku Soweto mu 2021, limati likulankhulira amphawi a m'dzikolo, koma amene limawaloza chala ndi alendo, osati olemera. Dzina lakelo m'Chizulu limatanthauza kukankhira kunja. Chidanicho si chatsopano: ziwawa za mu Meyi 2008 zinapha anthu 62, ndipo zitabukanso mu Epulo 2015, boma la Malawi linatumiza mabasi amene anabweretsa nzika zake ku Blantyre.