Mabaiti 512 amene amadzutsa kompyuta

Magetsi akabwera kuno ku Makululu, ku Kabwe, ambiri timangodina batani n'kudikira Windows. Ine chimene chimandikoka mtima ndi kamphindi kamene kamadutsa chithunzi chisanaoneke.

Kompyuta ikangoyaka, kernel, pulogalamu imene imayendetsa makina onse, imakhala ikadali pa disiki, ndipo siingadzinyamule yokha. Pa makompyuta otsatira kapangidwe ka IBM PC ya 1981, BIOS, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito makina akayaka, imawerenga chigawo choyamba cha disiki, mabaiti 512 okha basi, n'kuchiika mu memory pa adiresi 0x7C00. Mabaiti awiri omaliza ayenera kukhala 0x55 ndi 0xAA, apo ayi BIOS imalumpha disikiyo. Otsala 510 ndiwo munda wanu wonse, ndipo m'menemo ndi momwe mumalembamo boot loader, kapulogalamu konyamula kernel.

Ntchito yake ndi yochepa koma yosafuna kuphonya. Purosesa imayambira mu 16-bit, monga inkachitira Intel 8086. Mumagwiritsa ntchito lamulo la int 0x13 kupempha BIOS kuti iwerenge zigawo zimene muli kernel, kenako mumalumphira pamene mwaiika. Mukalakwitsa adiresi, makina amangoti zii osakuuzani chifukwa. Ndiye ine ndimalangiza kuyamba ndi int 0x10, kuonetsa chilembo chimodzi pa sikirini, kuti mudziwe kuti mwafika.

Makina atsopano amayamba ndi UEFI m'malo mwa BIOS, ndipo Linux nthawi zambiri imadzutsidwa ndi boot loader yotchedwa GRUB. Komabe njira yakaleyi ndi imene imaphunzitsa bwino.

Achinyamata a ku Kabwe, NASM, yopangira boot loader, ndi QEMU, yoiyesera, n'zaulere, ndipo laputopu yakale ikukwanirani. Yesani sabata ino.