Cakudya cathu cimacokera kuti?

Ana inu, madzulo ano muyang'ane m'mbale yanu. Muli nsima. Pambali pali nyemba ndi nkhwani. Kodi zimenezi zacokera kuti?

Nsima yacokera ku cimanga. Cimanga cacokera kumunda. Atate ndi amayi anabzala mvula itagwa, mu Novembala kapena mu Disembala. Anapalira. Anabandira. Mu Meyi anakolola, naika cimanga m'nkhokwe. Amayi anakonola, anaviika mphale, napita nayo kucigayo. Ufa wa nsima yanu ndi umenewo.

Nyemba zinamera m'munda womwewo, pakati pa cimanga. Mizu ya nyemba imawonjezera conde m'nthaka. Nkhwani ndi masamba a maungu. Bonongwe ndi cisoso sitibzala n'komwe, zimamera zokha.

Kuno ku Angonia dziko ndi lokwera, kupitirira mamita 1000. Mu Juni ndi mu Julayi kumazizira kwambiri. Inu mumadziwa, pajatu m'mawa mumafika kusukulu mukunjenjemera! Kuzizira kumeneku mbatata ya kacewere imakukonda. Imakhwima pa miyezi 3 kapena 4. Malole amabwera kudzanyamula matumba a kacewere, napita nawo mumzinda wa Tete. Ku Tete kumatentha, kacewere sacita bwino. Anthu a mumzinda amadya zimene makolo anu alima. Anzathu a ku Tsangano amalimanso tirigu.

Mvula ikatha, ulimi sutha. Anthu amatsikira kudimba, m'mbali mwa mtsinje. Kumeneko amathirira matimati, kabici, anyezi ndi mpiru. Amene alibe dimba asadandaule. Apite kwa mnansi wake, kapena kumsika wa ku Ulongwe, kapena kumsika waung'ono wa pamudzi. Adzapeza ndiwo zothyoledwa m'mawa womwewo.

Mukagula mulu wa matimati kwa amayi a pamudzi panu, ndalama siipita kutali. Amayi aja agula sopo ndi mcere. Agulira mwana wawo kope ndi pensulo. Mwina mwanayo ndi amene mumakhala naye pa benci imodzi.

Tsopano mawu awa ndi a inu makolo, amene mukuwerenga pamodzi ndi mwana.

Nthawi yokolola cimanga cimacuruka, ndipo mtengo wake umatsika. Ogula amafika ndi sikelo mpaka pakhomo. Ndalama imakoma, ndipo banja limagulitsa thumba ili, mawa thumba lina. Ikafika Januwale nkhokwe ili mbee. Banja lomwelo limapita kumsika kukagula cimanga pa mtengo wokwera. Ena amasiya munda wawo osapalira, napita kukagwira ganyu m'munda wa eni. Munda wosapalira subereka, ndipo njala imabweranso caka cotsatira.

Ife aphunzitsi timaiona njala imeneyi m'kalasi. Mu Febuluwale ana ena amasinza dzuwa lisanakwere. Ena safika n'komwe. Mwana wanjala samva kuti "a" ndi uyu, "e" ndi uyu.

Musanagulitse, yambani mwapatula cakudya ca banja cofika mpaka kukolola kwina. Patulaninso mbeu ya nyemba ndi ya mtedza, muisunge pouma, posafika anankafumbwe ndi makoswe. Zotsalazo ndiye mugulitse. Masamba akacuruka m'dzinja, futsani. Nkhwani ndi khwanya muwiritse pang'ono, muyanike, musunge m'cikwatu. Mu Okutobala, kunja kutauma, mfutso wotendera umadyetsa nsima bwino lomwe. Ine ndimaukonda kuposa kabici.

Ana inu, nayi nchito ya kunyumba. Funsani agogo maina a ndiwo 3 zimene zimamera pamudzi panu. Jambulani imodzi m'kope. Mawa mubwere ndi tsamba lake, tidzalembe dzina lake pa bolodi.