Ku Marka, mlandu wa madzi ukusowa mboni

Mu Seputembala 2024 sitima yonyamula mafuta inalowa m'dziko muno kudzera pa Marka, m'boma la Nsanje, kuchokera ku doko la Beira, koyamba patatha zaka zoposa 40. Njanjiyi inafa ndi nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, ndipo nkhondo itatha anadzaimaliza ndi madzi, omwe mu 1997 anakokolola njanji ndi msewu ku Chiromo. Pano akumanganso makilomita 72 ochokera pa Marka kukafika ku Bangula, ndipo womanga aliyense m'chigwa cha Shire muno ayenera kuyankha funso limodzi asanathire dothi: kodi madzi a zaka zikubwerazi adzafika pati?

Funsoli ndi limene akatswiri a zanyengo akukanganirana, ngakhale ambiri mwa iwo Marka sakumudziwa n'komwe.

Anthu a ku Nsanje safuna wowawerengera zimene aona. Madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 yemwe anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, Gombe patangotha milungu yochepa, kenako Freddy mu Malichi 2023, yemwe anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia n'kukhala moyo masiku 36, ndipo bungwe la zanyengo padziko lonse, WMO, linatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotere.

Zoti dziko likutentha, akatswiri anasiya kale kutsutsana. Lipoti la bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC la mu 2021 linanena mosapsatira kuti anthu ndi amene atenthetsa dziko ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, ndipo kutentha kwakwera ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. N'zodziwikanso kuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyontho chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, choncho mvula ikati igwe, imagwa ya mkokomo. Pa anamondwe, lipotilo silinanene kuti achuluka ayi. Linati chiwerengero chawo chikhoza kukhala chomwecho kapena kutsika, koma amphamvu kwambiri ndiwo adzachuluke pakati pawo, ndipo adzabwera ndi mvula yambiri. Olankhula pa misonkhano amakonda kudumpha mfundo imeneyi.

Mkangano weniweni umayamba munthu akaloza madzi amene alowa m'nyumba ya ku Marka n'kufunsa kuti, mwa madzi amenewa, obwera ndi kutentha kwa dziko ndi angati?

Gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution, limene mmodzi mwa atsogoleri ake ndi Friederike Otto, linayesa kuyankha mu Epulo 2022, litafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe anzake ku Madagascar, Mozambique ndi Malawi. Njira yawo ndi yoyerekeza pa kompyuta dziko lathuli ndi dziko lina limene silinatenthe, n'kuona kusiyana kwa mvula. Anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunaonjezeradi mvulayo. Koma atafika ponena kuti kunaonjezera ndi mlingo wanji, anagwira njakata. Ku Mozambique, mwa malo 23 oyezera nyengo a m'dera lokhudzidwalo, anayi okha ndiwo anali ndi kaundula wodalirika woyambira mu 1981. Ku Malawi sanapeze malo ngakhale amodzi okhala ndi kaundula woyenera kafukufukuyo. Mlandu ulipo, wovulala alipo, koma mboni yoona ndi maso palibe.

Gulu lomweli silinena kuti chilichonse ndi kusintha kwa nyengo. Chilala cha mu 2024, chimene chinachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, anachifufuzanso m'mayiko oyandikana nafe monga Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, ndipo anati gwero lake lalikulu linali El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera n'kupita kuyambira kalekale. Ena sanakondwe nazo, poti mawu akuti kusintha kwa nyengo ndi amene amatsegula zikwama za opereka thandizo.

Mbiri ya chigwachi nayonso imasokoneza amene akufuna yankho lachidule. Njala ya mu 1862 ndi 1863 inapulula anthu m'mbali mwa Shire kulibe galimoto ngakhale imodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka madzi ake anasiya kutulukira mu Shire, ndipo kumunsi kuno anthu analima thonje ndi chimanga pamalo amene kale anali dambo. Madzi atabwerera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, madimba ambiri anamira, monga analembera katswiri wa mbiri Elias Mandala pofotokoza za moyo wa alimi a m'chigwa cha Tchiri (Shire). Amang'anja sakanasunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi mibadwo yonseyi mvula ikanakhala yomvera. Izi sizikutsutsa IPCC. Zikungoonetsa kuti pamalo pamene nyengo ndi yosinthasintha chibadwire, pamafunika kaundula wa zaka zambiri kuti chatsopano chisiyanitsidwe ndi chakale.

Ndiye pali nkhani ya mchenga, imene kwa ine ndi yowawa kuposa zonse poti ndi yathu. Madzi amene amamiza Nsanje ambiri sagwa ku Nsanje. Amatsika kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo kudzera mu Ruo, yemwe amakumana ndi Shire pa Chiromo, ena amachokera ku Mwanza, ku Neno ndi ku Blantyre, kumene mapiri ametedwa ndi nkhwangwa za makala ndi makasu. Dothi la kumeneko limadzakhala pansi pa mitsinje ya kuno. Mtsinje wodzaza mchenga susowa namondwe kuti usefukire, mvula ya masiku awiri imaukwanira. Akatswiri a zamadzi ndi nkhalango akhala akunena zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo sakulakwa. Amene akuloza kutentha kwa nyanja ya Indian nawonso sakulakwa. Vuto ndi lakuti mbali iliyonse ili ndi wina amene imamupulumutsa: mkulu wa boma akati ndi kusintha kwa nyengo, matumba a makala odutsa pa rodibuloko saoneka; dziko lolemera likati ndi kudula mitengo, utsi wake suoneka.

Ndipo pali ndalama. Ku msonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza osauka pa zimene ataya chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndipo linatsegulidwa ku Dubai chaka chotsatira. Akatswiri ena akuchenjeza kuti ngati chipukuta misozi chotere chidzadalira umboni wa manambala, mayiko opanda zoyezera, omwe ndi osaukitsitsa, ndiwo adzabwerere chimanjamanja. Ena akuti popanda umboni ndalamazo zidzangotsatira amene ali ndi pakamwa.

Kwa mlimi wa m'mbali mwa dambo la Ndindi, mkanganowu umafika ngati lamulo loti asamukire kumtunda. Ambiri amapita madzi akabwera, akaphwa amabwerera, ndipo a m'tauni amawatcha osamva. Komatu chinyezi cha m'dimba ndi chimene chimawapatsa chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, pamene kumtunda kuli gwaa. Kumuuza munthu wotereyu kuti achokeretu kumafuna kudziwa ngati madzi oopsa azibwera kamodzi pa zaka 20 kapena kamodzi pa zaka zitatu, ndipo nambala imeneyo ndi yomweyo imene womanga njanji ya ku Bangula akuifuna. Imachokera m'kabuku ka munthu amene amayeza mvula m'mawa uliwonse, ku Ngabu, ku Makhanga ndi pa Marka pomwe, osadumpha tsiku, kwa zaka 30, ndipo malipiro ake ndi zipangizo zake ziyenera kupezeka mu bajeti ya nthambi ya zanyengo chaka chilichonse, ngakhale chaka chopanda namondwe.