Mphindi khumi zoteteza mawu a woimba

Mu 2011 Adele, woimba wa ku Britain, anali pachimake pa kutchuka ndi chimbale chake chotchedwa 21. Mwadzidzidzi mawu anamuthawa. Kamtsempha ka magazi kanaphulika m'kholingo mwake, makonsati onse otsala anaimitsidwa, ndipo mu November chaka chomwecho dokotala Steven Zeitels anamuchita opaleshoni ku Boston. Anakhala masabata angapo osalankhula. Mu February 2012 anaimbanso, n'kulandira mphoto zisanu ndi imodzi za Grammy, koma mu 2017 vuto la mawu linamuletsanso makonsati awiri omaliza pa bwalo la Wembley.

Woimba wina, Julie Andrews, sanachite mwayi wotere. Opaleshoni ya 1997 inamulanda mawu oimbira omwe dziko lonse linkawadziwa.

Chimene chimavulala ndi kanthu kakang'ono kwambiri. M'kholingo muli timinofu tiwiri, kutalika kwake pafupifupi masentimita awiri, ndipo mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa pakati pake timagundana n'kutulutsa mawu. Bambo akamalankhula, timagundana maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi. Mayi, pafupifupi 200. Wa sopulano akafika pa noti ya A imene oimba amachunira zida zawo, kugundanako kumafika 440 pa sekondi. Munthu amene anatchuka poona timinofuti tikugwira ntchito anali mphunzitsi wa zoimba, Manuel García, yemwe mu 1854 anagwiritsa ntchito timagalasi tiwiri kudziyang'ana pakhosi.

Ndiye taganizirani woimba amene wadzuka m'mawa wa June, kukuzizira, khosi lili gwa, n'kuyamba nyimbo ya pamwamba ndi mphamvu zonse. Noti ikakana, amaikakamiza pomanga minofu ya pakhosi ndi nsagwada. Timinofu tija timagundana mwankhanza, timatupa, mawu amasasa. Zikamachitika sabata ndi sabata, pamamera timatuza tolimba timene timalepheretsa timinofuti kutsekeka bwino.

Kutenthetsa mawu ndi kuyamba pang'onopang'ono kuti mpweya, kholingo ndi milomo zigwirizane zisanasenze katundu wolemera. Aphunzitsi ambiri amayamba ndi thupi: kumasula mapewa, khosi ndi nsagwada, kenako kupuma mozama mimba ikufufuma. Pambuyo pake woimba amang'ung'uza chotseka pakamwa pa mawu apakati, osati apamwamba. Kenako amanjenjemeretsa milomo, brrr, monga amachitira mwana woyendetsa galimoto ya mawaya, uku akukwera ndi kutsika mofatsa. Mavawelo ndi masikelo zimabwera kumapeto.

Zija za brrr anthu amaziseka, koma zili ndi sayansi yake. Katswiri wa mawu wa ku America, Ingo Titze, anafotokoza kuti pakamwa pakatsekeka pang'ono, mpweya wina umabwerera m'mbuyo n'kuchepetsa mphamvu imene timinofu timagundirana. N'chifukwa chake amalimbikitsa kuimba kudzera m'kapaipi kakang'ono komwera zakumwa, njira imene madokotala a mawu amapatsanso odwala awo.

Kunena zoona, kutenthetsa mawu sikuchotsa ngozi zonse. Fodya, kukuwa m'phokoso, kusagona ndi kuimba chimfine chili m'thupi zimawononga ngakhale wotenthetsa bwino. Madzi akumwa sakhudza timinofuti mwachindunji, chifukwa amadutsa njira ya chakudya. Amayamba alowa m'thupi, choncho womwa madzi nyimbo ikuyambika wachedwa kale. Nako kunong'ona mawu akasasa sikupumitsa khosi monga ambiri amaganizira.

Nkhaniyi si ya oimba a m'mabwalo akuluakulu okha. Makwaya athu amaimba usiku wonse pamaliro, pafupi ndi utsi wa moto, mawa lake n'kukaimbanso kutchalitchi. Ambiri amafika ku pulakatisi mochedwa n'kulowera m'nyimbo pomwepo. Mayi wa alito akasasa mawu amangoti ndi mphepo, ndipo ulendo wa ku Boston alibe.

Atsogoleri a makwaya, patulani mphindi khumi zoyamba za pulakatisi iliyonse kuti oimba atenthetse mawu, ndipo musazidule ngakhale nthawi itathina. Woimba amene mawu ake asasa kupitirira masabata atatu muuzeni apume, apite kuchipatala akamuone pakhosi.