Kuphunzira Kupeta Nsalu ku Libala: Yambani ndi Nsalu ya Zitsanzo

M'nyumba zambiri za ku Libala, Kabwata ndi Chilenje m'Zambia mukadali tinsalu toyera ta maluwa toyala pamipando ndi pathebulo. Amayi amene adatipeta adaphunzirira kusukulu, m'magulu a amayi a kutchalitchi, kapena m'malo ngati Mindolo Ecumenical Foundation ku Kitwe, yomwe idatsegulidwa mu 1958. Luso limeneli likuphunzirikabe lero, ndipo njira yake yodalirika ndi yomwe ija yakale: kukhala pafupi ndi mphunzitsi ndi kupeta nsalu ya zitsanzo, imene m'makalasi amaitcha sampler.

Kupeta kumasiyana bwanji ndi kusoka?

Telala amalumikiza zidutswa za nsalu kuti zikhale chovala. Woluka madoilo amapanga nsalu kuchokera ku ulusi wokha. Wopeta amatenga nsalu yomwe ilipo kale n'kujambulapo duwa, dzina kapena mbalame ndi singano ndi ulusi wamitundu. Mukamafunsa za kalasi, nenani bwino kuti mukufuna kupeta pamanja, chifukwa malo ambiri amaphunzitsa kudula ndi kusoka pa makina basi.

Nsalu ya zitsanzo n'chiyani?

Ndi kansalu kamene wophunzira amasungapo msoko uliwonse umene waphunzira, mzere ndi mzere. Kale mabuku a mapatani asanachuluke, amayi ankakopera pa kansalu kotere kapetedwe kalikonse kamene kawasangalatsa kuti asakaiwale. Ku Victoria and Albert Museum mu mzinda wa London kuli nsalu yotere yomwe Jane Bostocke adapeta mu 1598, ndipo zilembo zake zikuwerengekabe. Patsogolo pake atsikana a sukulu ankapetapo zilembo, manambala, dzina lawo ndi chaka.

Phindu lake ndi lakuti kansaluka sikanama. Mzere woyamba umakhala wokhotakhota, wachisanu umayamba kuwongoka, ndipo wophunzira amaona ndi maso ake pamene dzanja lake lafika. Kasitomala akabwera, mumangomuyalira kuti aloze yekha msoko umene akufuna.

Zida zoyambira

Kuchokera ku Libala, msewu wa Chilimbulu umakufikitsani ku Kamwala, komwe kuli masitolo ambiri a nsalu ndi zosokera. Musagule zambiri tsiku loyamba. Izi n'zokwanira:

- nsalu ya thonje yoyera yopanda maluwa, yochapa kale kuti isadzafupike mutapeta;
- mkombero wathabwa kapena wapulasitiki womangirapo nsalu kuti ikhale yokungika;
- singano yakuthwa ya diso lalitali, ndi ina yobuntha yopetera misoko yowerenga;
- ulusi wopetera wa mitundu inayi kapena isanu;
- sizasi yaing'ono, pensulo ndi pepala la timabokosi ngati la masamu.

Ulusi wopetera umabwera wa timaulusi tisanu n'kamodzi topotana. Wophunzira amapatulapo tiwiri kapena titatu malinga ndi kunenepa kwa mzere umene akufuna. Makampani ngati DMC ndi Anchor amapatsa mtundu uliwonse nambala yake. Mwachitsanzo, wakuda wa DMC ndi 310. Sungani kapepala ka nambalako, chifukwa ulusi ukatha ntchito ili pakati, diso lokha limanyenga posankha wofanana nawo. Ulusi wofiira wotchipa uyambe wanyowetsedwa ndi kufinyidwa pa kansalu koyera kuti muone ngati ukusuluka.

Misoko imene kalasi iyenera kukupatsani

Mphunzitsi wabwino amayamba ndi running stitch, wongolowa ndi kutuluka, kuti dzanja lizolowere mipata yofanana. Kenako back stitch wolembera mayina, stem stitch wa nthambi zokhota, ndi chain stitch wooneka ngati unyolo. Satin stitch ndi wodzaza tsamba kapena duwa, ndipo ndi umene umavuta ambiri: ukakoka kwambiri nsalu imachita makwinya, ukalekerera ulusi umalendewera. French knot ndi timfundo ta pakati pa duwa, blanket stitch ndi wa m'mphepete, ndipo cross stitch ndi timitanda towerengedwa pa nsalu ya timabowo.

Msoko uliwonse upatseni mzere wake pa nsalu ya zitsanzo. Ulusi usatalike kupitirira kuchokera kuchala kufika pachigongono, apo ayi umapotana ndi kufumbutuka.

N'chifukwa chiyani kupita ku kalasi?

Mavidiyo a pa foni amathandiza, koma sangatembenuze nsalu yanu. Mphunzitsi amayamba kuona kumbuyo: ngati kuli mfundo zazikulu ndi ulusi wodumpha kuchoka duwa ili kupita ku linalo, amakuuzani kuti, “Masulani, amayi, muyambirenso.” Amakugwiraninso dzanja kuti mumve kakokedwe koyenera, chinthu chosatheka kuchifotokoza ndi mawu okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kumapepuka mukakhala pagulu, wina akumasula, wina akuonetsa mnzake pamene adakodwa.

Pofufuza kalasi, yambani pafupi: magulu a amayi a kutchalitchi monga Chigwirizano, Mothers' Union ndi Dorika, komanso matelala a m'misika ya Chilenje ndi Kabwata, amene amadziwa yemwe amapeta bwino m'dera. Ngati mukufuna satifiketi, funsani ngati sukuluyo idalembetsedwa ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'Zambia. Musanalipire, pemphani kuona nsalu imene mphunzitsiyo adapeta yekha, ndipo muione mbali zonse ziwiri. Funsaninso ngati zida zili m'kati mwa malipiro, ndi kuchuluka kwa ophunzira pa mphunzitsi mmodzi.

Kujambula patani yanuyanu

Apa m'pamene wophunzira amasanduka mmisiri. Pa cross stitch, kabokosi kamodzi ka papepala kamaimira kamtanda kamodzi. Nsalu ya timabowo yotchedwa Aida ya nambala 14 ili ndi timabokosi 14 pa inchi imodzi, choncho chithunzi cha timitanda 70 m'lifupi chimatenga mainchi 5. Werengani chonchi musanadule nsalu, ndipo musiye mainchi awiri kapena atatu mbali zonse. Pindani nsaluyo kawiri kuti mupeze pakati, n'kuyambira pomwepo.

Mabuku ambiri a mapatani amadzaza ndi maluwa ndi nyumba za ku Ulaya. Inu yang'anani zimene zakuzingani: nkhwazi ya pa mbendera ya Zambia, mawanga a nkhanga, ngala ya chimanga, maluwa a jakaranda a mu Okutobala, mizere ya pa chitenje, kapena kalukidwe ka madengu a ku Kabwata Cultural Village pa msewu wa Burma. Amayi oposa 100 a ku Hamburg, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, adapeta mbiri ya dera lawo pa nsalu yotalika mamita 120 yotchedwa Keiskamma Tapestry, ndipo idakapachikidwa ku nyumba ya malamulo ku Cape Town. Misoko imene adagwiritsa ntchito ndi yomweyi. Chimene chidaipatsa ulemu ndi nkhani yawoyawo.

Kodi muli ndalama?

Zilimo, koma musapikisane ndi makina a kompyuta amene amapeta mabaji a mayunifomu ambirimbiri pa tsiku. Ntchito ya pamanja imagulidwa pamene munthu akufuna chake chokha: nsalu ya pathebulo ya mphatso ya kitchen party yokhala ndi mayina a akwati, nsalu za paguwa, zofunda za khanda. Misika ya zaluso, monga wa ku Dutch Reformed Church ku Kabulonga, ndi malo abwino oonera zimene ogula amakonda. Poika mtengo, werengerani maola anu pamodzi ndi ulusi ndi nsalu. Popereka ntchito, ichapeni m'madzi ozizira ndi kuisita chakumbuyo mutayala thaulo, kuti maluwa asaphwatalale.

Musathamangire kugulitsa. Malizani kaye nsalu ya zitsanzo, mupetepo dzina lanu ndi chaka, kenako muphunzitse mwana mmodzi wa pakhomo, mtsikana kaya mnyamata, mzere woyamba.